Pemphero langa kuseri kwa golo

Mpaka lero mwana wanga wamkazi Tadala akamapita kukasewera mpira amandiuza kuti, "Amayi, mukabwera mukakhale kutali ndi golo." Amanena mwaulemu ndithu, koma ine ndimadziwa kumene mawuwa anachokera, choncho ndimangoti chabwino.

Tadala ndi goloboyi. Ine ndinkafuna aziimba kwaya, koma Ambuye anamupatsa manja akuluakulu ndi mawu a bambo ake, ndiye ndinagonja. Pafoni yake sipankachoka mtsikana wina wa ku Denmark, goloboyi nayenso. Mbiri yake ankaidziwa yonse: momwe anayambira kukatimu kakang'ono, momwe anakhalira pabenchi osanyinyirika, mpaka kudzavala yunifolomu ya dziko lake. Tikamatsuka mbale ankandilalikira za iyeyu.

"Amayi, taonani maso akewo. Saphethira!"

"Ukanamaloweza mavesi chonchi, bwenzi pano uli mlaliki," ndinkamuyankha.

Tsono kunyumba kwathu ku Mpingwe kuli lamulo. Ndikangoti "tiyeni tipemphere," aliyense amatsinzina pomwepo, kaya wanyamula chiyani. Ana ali aang'ono, wosuzumira ndi diso limodzi ndinkamutsina khutu (Tadala ndi amene anatsinidwa kwambiri, ndiponso ndi amene anamvetsa kwambiri). Lamulo limeneli ndinkalinyadira pamaso pa amayi anzanga akumpingo.

Timu ina ya atsikana ku Limbe inkafuna goloboyi mmodzi, ndipo Loweruka lina inaitana ofuna malowo kuti ikawayese. Ine ndinafunditsa makina anga osokera, n'kuvala chitenje chakumpingo, n'kukwera minibasi. Nditafika ndinakaima kuseri kwenikweni kwa golo, kuti mwana adziwe kuti mayi ake alipo.

Anagwira bwino mwanayo, ine ndikungoti "zikomo Ambuye" chapansipansi. Anzake anatsika mmodzimmodzi mpaka anatsala yekha. Pamenepo a kochi, bambo wamfupi wa wezulo m'khosi, anati, "Penate imodzi. Ukaigwira, malo ndi ako."

Wodzamenya anali chimtsikana cha ntchafu ngati matumba a simenti. Ndinamuyang'ana iye, n'kuyang'ana mwana wanga ali yekhayekha pagolo ngati kankhosa pamaso pa mmbulu, mtima wanga n'kusungunuka. Pambali panga panali amayi awiri ogulitsa nthochi. Ndinawagwira mikono, n'kukweza mawu anga aja a pamapemphero a Lachinayi:

"Tiyeni tipemphere!"

Ndinatsinzina. Wezulo inalira. Ndinamva ukonde ukugwedezeka pafupi ndi nkhope yanga, kenako bwalo lonse linafa ndi phwete. Nditati ameni n'kutsegula maso, mpira unali muukonde. Tadala anali chiimire, mutu ataweramitsa, magolovesi ataphatikiza pachifuwa, maso ali chitsinzinire.

"Iwe goloboyi!" anakuwa a kochi. "Wagona?"

"Ayi, kochi."

"Nanga?"

"Amayi anati tipemphere."

Anyamata amene anakwera pampanda anayamba kukuwa, "Abusa pagolo! Abusa, tisanjikeni manja!" Mmodzi wa amayi a nthochi aja anachotsa mkono wake m'dzanja langa, nati, "Mayi, mwamugoletsa nokha mwana wanu."

Tadala sanandiyang'ane. Anayamba kuvula magolovesi pang'onopang'ono, misozi ikulengeza. Magolovesi amenewo ndinawasoka zigamba ndekha. Sindinaganizenso za ulemu wanga. Ndinalowa m'bwalo, n'kukagwada pafumbi pamaso pa a kochi.

"Bambo, wolakwa ndine. Mwanayu ndinamuphunzitsa ndekha, pomutsina khutu lake mukulionalo."

A kochi anaseka mpaka kugwira m'mimba. Atapuma anati, "Mayi, dzukani. Nanenso ndine mkulu wa mpingo. Zaka zonsezi ndakhala ndikufuna wosewera womva kamodzi. Abwereze. Koma inuyo, mwauona mtengo wa mango uwo? Mukapempherere kumeneko. Chamumtima."

Ndinapita (unali patali ndithu, kupitirira pomwe amaimika njinga). Pansi pa mtengo umenewo, kwa nthawi yoyamba chibatizidwire, ndinapemphera maso ali gwa. Ndinaona chimtsikana chija chikuthamanga, ndinaona mpira ukulowera kumanzere, ndinaona mwana wanga akuuluka n'kuukumbatira. Aleluya amene ndinakuwa anathamangitsa mbalame mumtengomo. Malo aja anamupatsa.

Tinakwera minibasi yobwerera. Titatsala pang'ono kutsika, Tadala anati, "Amayi, wa ku Denmark uja, ndikhulupirira mayi ake amatsala kunyumba."

"N'chifukwa chake anakhalitsa pabenchi," ndinamuyankha.

Anayesa kukwiya koma zinamukanika, mpaka kondakitala anatifunsa chomwe tinkaseka.

Masiku ano ndimakhala kutali ndi golo, ndipo ndazindikira kuti Mwini kumwamba amamva ngakhale uli pansi pa mango, pakamwa uli chitsekere. Lamulo lakunyumba lija sindinalichotse. Koma Lamulungu lapitali, titakhala pachakudya, ndinati tiyeni tipemphere, n'kuona Tadala diso limodzi lili pambale ya nkhuku, dzanja lili chire kulondera mlongo wake amene amakonda kutola nthuli anthu atatsinzina. Ndinatambasula dzanja kuti ndimutsine khutu, kenako ndinadzifunsa kuti kodi ineyo ndamuona bwanji. Ndinabweza dzanja langa, n'kupitiriza pemphero.