Kampango Koyera ndi Jekete la Dokotala Mwanza

Anzanga, mukamandiona ndikuvala magolovesi ngakhale potsuka kapu ya tiyi mu labu, musamandiseke. Pali pomwe zinachokera.

Zaka zimenezo, za chipani chimodzi, ndinkagwira ntchito yoyeza madzi pa fakitale ina ya zakumwa ku Heavy Industrial Area. Ife oyeza mankhwala tinali ndi kabungwe kathu, ndipo chaka ndi chaka tinkakumana kuti tiphunzitsane zatsopano. Chaka chimenecho msonkhano unali mu holo ya sukulu ina ku Kabulonga, ndipo panamveka nkhani yokoma: munthu mmodzi asankhidwa kupita kunja kukaphunzira makina atsopano oyezera zitsulo m'madzi. Wosankha anali wapampando wathu, Dokotala Mwanza, bambo wofatsa koma wa maso akuthwa. Ine mwayi umenewo ndinkaufuna ndi mtima wonse, komanso mkazi wanga kwathu ku Kabwata anali atauza kale amayi onse a ku tchalitchi kuti amuna ake akukwera ndege.

Kuti Dokotala andione bwino, ndinapempha kulankhula pa msonkhanowo. Mutu wake? Kusamala ndi ukhondo mu labu.

M'mawa wa tsikulo ndinadzera kaye ku ntchito kukamaliza kuyeza mchere m'madzi. Ntchito imeneyi timagwiritsa mankhwala otchedwa siliva naitireti. Amaoneka ngati madzi akumwa, ukawakhudza sumva kanthu, koma akangoona dzuwa amada bii, ndipo sopo sawachotsa. Pofulumira ndinatayako pang'ono pa benchi, nsalu yopukutira sinkaoneka, ndiye ndinangosolola kampango kanga koyera, kaja anakasita mkazi wanga, pukutu pukutu, n'kukabwezera m'thumba. Ndinati ndikachapa posachedwa. Kodi munthu amene mtima wake uli kale mu ndege amakumbukira kampango?

Mu holo munali mdima pang'ono, makatani atatseka, kukutentha ngati mu uvuni. Ndinaimirira, ndinalankhula, ndipo anzanga, ndinalankhula bwino! Thukuta likatsika, ndinkatulutsa kampango mwaulemu ngati nduna, kupukuta pachipumi, m'masaya, m'khosi, uku ndikuchenjeza anthu kuti mankhwala asamakhudze khungu. Anaomba m'manja. Mnzanga Mulenga, amenenso ankafuna ndege yomweyo, anaomba mofooka, ndipo ine ndinakondwa.

Pa nthawi ya tiyi ndinathamangira kwa Dokotala kuti ndimve chiyamiko. Anavala suti ya safali yoyererako, yatsopano. Potambasula dzanja ndinagunda kapu yawo, tiyi n'kuwatayikira pachifuwa. Mayo ine! Ndinasolola kampango kaja n'kuyamba kupukuta jekete lawo mwakhama, kuyambira pa thumba mpaka pa mabatani, ndi dzanja lawo lomwe.

"Osavutika ba Tembo, ni tiyi chabe," anatero akumwetulira.

Kenako anatiitana tonse panja kukajambulitsa. Dzuwa la Okutobala lili phwee, wojambula naye wosafulumira: aatali kumbuyo, aafupi kutsogolo, ayi bwererani, inu sunthani. Ine ndinadzipanikiza mpaka ndinaima pambali pa Dokotala penipeni.

Mulenga anandikodola. "Iwe Tembo, nkhope yako yacita bwanji? Uoneka monga mbizi."

Ndinaganiza kuti ndi fumbi, ndiye mukudziwa chomwe ndinachita? Ndinapukutanso! Pochotsa kampango kumaso ndinaona kakusanduka kotuwa, kenako kakuda, m'manja mwanga momwemo. Ndinatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana Dokotala. Pachifuwa pawo panali patatuluka chibanga chakuda, chachikulu ngati mapu a dziko lathu, ndipo zala zanga zinkaoneka bwinobwino m'mbali mwake.

Ukanakhala msonkhano wa abusa kapena aphunzitsi, ndikanati ndi dothi la m'basi. Koma awa anali oyeza mankhwala okhaokha. Anayang'ana jekete, anayang'ana nkhope yanga, ndipo onse pamodzi, ngati akuyankha Ameni, anati: "Siliva naitireti!"

Wojambula anajambula pomwepo.

Dokotala sanakalipe. Anayang'ana dzanja lawo lakudalo nthawi yaitali, kenako anati, "Ba Tembo, mwakamba bwino maningi lelo. Koma maphunzilo yamene mufunika imwe si ya kunja."

Ndege anakwera Mulenga. Ine mizere ija inakhala pankhope mpaka khungu linasupuka lokha, ndipo mkazi wanga anauza amayi a ku tchalitchi kuti ulendo aimitsa kaye chifukwa cha matenda a pakhungu. Zinandipweteka, sindinama.

Ku maphunziro ndinapitadi, koma ku Woodlands, pa njinga, kosi ya anthu ongoyamba kumene ntchito ya mu labu. Ndinakhala kumbuyo, chipewa chili kumaso. Mphunzitsi analowa, ndipo anali Dokotala Mwanza, atanyamula jekete lija pa hang'ala. Analikoleka pa bolodi, n'kunena modekha, "Lelo tili na mwayi, mwine wa nchito iyi alipo. Ba Tembo, bwelani kuno mutiphunzitse."

Ndikumva kuti jeketelo analigwiritsa ntchito pophunzitsa mpaka anapuma pa ntchito. Kuyambira tsiku limenelo sindinyamulanso kampango, ndipo munthu akadzitayira tiyi pafupi nane, manja ndimaika kumbuyo n'kungoti pepani.