Diso la Chambo cha Dzana

Lolemba

Nkhani yabwino! Lamulungu likubwerali abusa adalitsa maukwati akale, ndipo dzina lathu lilipo. Zaka makumi awiri ndi zinayi ndili ndi bambo a Tamala, chala changa osalawako mphete. Zatha zimenezo!

Mpheteyo ndaiona kale. M'mawa uno ku Nathenje, nditapikula tomato, ndalowa m'shopu ya a Yusufu kufuna mabatire. M'kati mwa galasi, pakati pa mawotchi, kamwala kakungoti ng'ani ng'ani! Dayamondi weniweni, akuti achimwene awo anabwera naye kuchokera ku Joni, ndipo chipepala chake chilipo. Kukula kwake ngati njere ya mapira, koma mayo ine!

Mtengo: K600,000. M'chitini mwanga: K400,000, thukuta la tomato la zaka ziwiri. Kusiyanako si nkhani. Pa Mitundu pano ndani sadziwa kuti ine ndinanenerera bokosi la maliro a apongozi mpaka kalipentala anaikapo zogwirira zaulere?

Bambo a Tamala sindiwauza. Munthu wake ndi wa fodya ndi mbuzi. Akamva mtengo akomoka.

Lachiwiri

Sukulu yanga ya dayamondi yayamba. Bandulo yonse yathera pa mavidiyo a dayamondi, makasitomala akudzisankhira okha tomato. Zomwe ndagwira:

1. Kukula si kanthu. Nkhani ndi kadulidwe. Wodulidwa bwino amalandira kuwala n'kukubwezera m'maso mwako.
2. Akamudula mozama kwambiri, pakati pamada bii.
3. Akamudula mophwatalala, amaoneka ngati diso la nsomba.
4. Osamuonera pansi pa babu la m'shopu. Babu limanama. Tuluka naye pamthunzi.
5. Timadontho m'kati timatsitsa mtengo, chimodzimodzi tomato wobooledwa ndi mbozi.

Ndiye kuti ntchito yake ndi yomwe ndimagwira kale!

Nabanda wa benchi yoyandikana nane khosi gwaa kusuzumira foni yanga. "Mukuonera chiyani, amnzanga?" Ndati kwaya. Mayi ameneyu chiyambire mwana wake kutumiza ndalama kuchokera ku Joni, chilichonse chimene ndagula mawa lake ali nacho.

Masana ndikuwodzera pakhonde, ndikumva chinthu pachala. Bambo a Tamala akundimanga kaulusi! "Ndimaona ngati chatupa," akutero, kaulusi n'kuika m'thumba. Ukalamba ukuyamba msanga mwa bambo amenewa.

Lachitatu

Kabaza mpaka ku Nathenje, fumbi mpaka m'makutu. Ndavala chitenje chakale dala. Wonenerera savala bwino.

A Yusufu andipatsa kagalasi kokuzira zinthu. Ndatuluka ndi mphete pakhonde, iwo ali pambuyo panga ngati ndithawa nayo. Ndayang'ana. Abale inu! Pakati poyera mbee, kuwala kukudumpha mbali zonse, kadontho ndi kamodzi komwe kulibe. Koma nkhope ndaiumitsa ngati ndamwa kwinini.

"Mayi, muziona chabe," akutero a Yusufu. "Imeneyo ili ndi mwini wake. Analipira dzulo madzulo, adzatenga Loweruka."

Hehede! Kundiuza ine zimenezo? Ine amene ndimati "dengu ili latengedwa kale" katatu patsiku? Ndafunsa dzina la mwini wakeyo. Akuti anawapempha kuti asatchule. Mwaona!

Ndiye ndatsegula pakamwa, mokweza, kuti amve ndi a m'butchala omwe. Wadulidwa mophwatalala! Wazima! Diso la chambo cha dzana lenileni! Anthu aseka mpaka wina wakhala pansi. Ndatchula K300,000, ndasiya nambala yanga pagalasi, ndatembenuka n'kumapita pang'onopang'ono kudikira "bwererani mayi."

Ndafika pamsewu. Ndamanganso mpango. Ndagula nzimbe yomwe sindimaifuna. Osandiitana.

Ndi wolimba mtima bambo uja. Ndamukonda. Tionana!

Lachinayi

Ndagona ndi ganizo: nanga ngati wogulayo alipodi? Ndiye ayenera kumva kuti wagula mphaka m'thumba, abweze yekha. Nkhani yoti ifike kutali umaipereka kwa a kabaza ndi amayi a tomato. Pofika teni koloko msika wonse wa Mitundu ukuti "diso la chambo cha dzana." Wogulitsa kaunjika wayamba kutchula choncho mabatani a majekete ake.

Nabanda akufunsa mafunso ambiri. Shopu iti? Yoyang'ana kuti? Ndamuuza zonse, akanyozeko nayenso. Manja ambiri.

Madzulo pakudya ndawafotokozera bambo a Tamala, ngati nkhani yongoseketsa. Ndati ku Nathenje kuli mphete yonyansa, ndipo akuti kuli chitsiru china chalipira K600,000. Ndati mkazi wa munthu ameneyo ndikumumvera chisoni, ine atandiveka chimenecho pamaso pa mpingo ndikhoza kulowa pansi.

Atsamwa. Ndawapatsa madzi. "Ndi yoipadi choncho?" akufunsa. Ndati mwina simukundidziwa, ine ndaiona ndi kagalasi. Asamba m'manja chakudya chisanathe, akuti akukaona mbuzi. Mbuzi zomwe anatsekera kale!

Lachisanu

Bambo a Tamala alawira ndi njinga, tiyi osamwa.

Foni ndaitchaja yadzaza, ili m'kamisolo. Yalira katatu:
Tamala, akufunsa ngati diresi yatheka.
Telala, akuti diresi sinatheke.
Wina wofuna a Gondwe. Kuno kulibe a Gondwe!

Cha m'ma leveni wa kabaza wanga uja akuima pabenchi. "Mayi, mwamva? Mwini mphete uja waibweza m'mawa uno. Ndalama zake am'bwezera zonse."

Ndavina! Pakati pa msika, tomato m'manja! Analipodi munthuyo, ndipo ndamugwetsa ndili pa Mitundu pompano. Nthawi yomweyo mwendo umafuna kukwera kabaza, koma ayi. Wonenerera sathamanga. A Yusufu agone nayo mphete imeneyo, iwawotche m'manja. Mawa ndikawapeza atafewa ngati tomato wa Lolemba, mwina ndibwerako ndi wotchi ya basela.

Nabanda watseka benchi masana, akuti mutu. Ndamugulitsirako tomato wake, ndine munthu wachifundo.

Kunyumba ndapeza ngolo ikutsitsa matumba a feteleza. Mvula ikadali kutali, feteleza wa chiyani? Ndalama zachokera kuti? Bambo a Tamala akungoti, "Zinalipo." Nkhope ngati abwera kumaliro. Ndilibe nthawi yonyengerera munthu, mawa ndi tsiku lalikulu!

Loweruka



Ndafika ku Nathenje shopu ikutsegulidwa kumene, chitini m'chikwama. M'galasi muli mawotchi okhaokha.

A Yusufu sanakalipe, bola akanakalipa. Akuti kuyambira Lachitatu ana asukulu amaima pakhomo n'kumakuwa za chambo, ndi wotchi yomwe sinagulidwe. Ndiye dzulo masana atabwera mayi wina wa ku Mitundu, wamfupi, wa mpango wofiira, iwo anangoti mphete ichoke basi. K380,000.

Nabanda! Mutu uja! Ndipo ine ndikumugulitsira tomato!

K380,000, ine ndili ndi K400,000 m'chikwama. Ndikanatsala ndi ya kabaza ndi fanta.

Ndafunsa kuti nanga chitsiru chinabweza chija ndani. A Yusufu atsegula kabati, atulutsa kaulusi komanga mfundo, aika pagalasi.

"Anaiwala aka. Muwapatsire, nambala yanu ija anaizindikira pagalasi. Akuti ndalamazo anasunga za fodya wa zaka zitatu. Dzulo anaima pomwe mwaimapo, akuti, 'Mayi akunyumba amadziwa zinthu, akuti ndi yonyansa. Ndikanawachititsa manyazi kutchalitchi.'"

Ndakhala pa thumba la mchere. Ndalira, inde ndalira, pamaso pa anthu a m'butchala omwe aja. Bambo osalankhula aja, zaka zitatu! Ine n'kuwatcha chitsiru akudya.

Kabaza wobwerera sindinanenerere n'komwe.

Lamulungu

Diresi yatheka, koma dzanja limodzi ndi lalitali.

M'mawa ndaika kaulusi kaja patebulo pafupi ndi tiyi wawo. Akayang'ana, andiyang'ana. Ndati, "Bambo a Tamala, inali yabwino. Ndimangotsitsa mtengo." Iwo akuti, "Mwautsitsadi."

Kutchalitchi maanja asanu ndi awiri kutsogolo. Itafika nthawi yathu atulutsa kamphete kasiliva kopanda mwala, ka pa msika wa Mitundu pompano. Kalowa bwinobwino, muyeso anali nawo. Akundinong'oneza, "Aka kalibe diso, mayi. Palibe ponyoza." Abusa amva, akhosomola.

Kwaya yayamba. Mzere wachiwiri, mpango wofiira. Nabanda chibadwire sanakwezepo dzanja poimba, lero dzanja lili m'mwamba nyimbo yonse, ndi pa zolengeza pomwe. Dzuwa likulowa pawindo, kamwala kakuponya kuwala mpaka kumalata.

Potuluka wandikumbatira. "Zikomo amnzanga, popanda inu sindikanaikwanitsa."

Feteleza sabwezedwa, ndafunsa kale. Chitini chabwerera pansi pa bedi. Bambo a Tamala akuti chimanga cha chaka chino chidzakhala chabwino, ndipo akundigwira dzanja panjira, chinthu chomwe sanachitepo chikwatirane.

Koma ndayang'ana bwino pamthunzi wa mtengo wa mango panja pa tchalitchi, Nabanda akupatsa anthu moni. Pakati poyera, kuwala kukubwerera m'maso. Wadulidwa bwino mwala uja. Mawa uli pa benchi yoyandikana ndi yanga, kuyambira seveni koloko.