Pikapu Yaitali ya Che Saiti

Che Saiti a ku Chinamwali anali munthu wamfupi, koma Zomba yonse inkawapatsa moni itakweza mutu. Chinkachititsa ndi pikapu yawo. Anaigula ili bwinobwino ngati zinzake, iwo n'kuiwonjezera masipuling'i a lole, n'kuiveka matayala oti ena ankalumbira kuti ndi a thirakitala, mpaka mbuzi zinkausa mvula kunsi kwake zili chiimire. Ena amati ngakhale ng'ombe. Ng'ombeyo ine sindinaione, koma za mbuzi ndikhoza kuchitira umboni.

Pokwera ankatsamiritsa makwerero ansungwi, akakhala pa chiwongolero n'kuwakokera mkati. Akazi awo, mayi Aggie, anakwerapo kamodzi kokha. "Ine ndinakwatiwa ndi munthu, osati nyani wa kuphiri," anatero atatsika, ndipo kuyambira pomwepo ankayenda pa kabaza.

Chimene Che Saiti ankafuna pa moyo wawo chinali chimodzi: boma livomere galimotoyo kuyenda pa tala mmene inalilimo, osaitsitsa ngakhale pang'ono. Tsoka lake, amene ankaimira boma pa lodibuloko yolowera m'tauni anali a Douglas, wapolisi wa pamsewu wosaseka ndi munthu.

"Che Saiti, tatsikani tikambirane."

"Kwerani ndinu, bwana. Ndikuponyereni makwerero?"

"Galimoto iyi munaisintha popanda chilolezo. Magetsi akewa akuunika mbalame m'mitengo. Munthu ataima kutsogoloku mungamuone?"

"Iyeyo ndiye angalephere kundiona ine?"

"Ndisadzakuoneninso mukuiyendetsa pa tala. Mwamva?"

Anamva ndithu. M'mawa mwake anatulukira ndi kamsewu kafumbi, atafika m'mphepete mwa tala anazimitsa injini, n'kuitana a kabaza. Anaikankha kuwoloka msewu a Douglas akuona, eni ake ali patsogolo atavula chipewa mwaulemu ngati akuperekeza maliro. Kutsidyako anaiyatsa, ulendo. Zinakhala choncho zaka ndi zaka, moti ambirife tinakankhapo, ena titavala suti ya ku ofesi.

Kukaiyezetsa ankapita, musaganize kuti ankathawa. Woyeza magalimoto amalowa m'dzenje kuti aone kunsi, koma kwa iyi anangodutsa chiimire, n'kutulukira mbali inayo, n'kufunsa ngati yabwera galimoto kapena nsanja. Inalephera. Che Saiti anabwerera ataipaka penti wina, poganiza kuti mwina vuto ndi mtundu. Inalepheranso, ndipo iwo anati m'maofesi mwadzaza nsanje.

Tsiku lina anazemba n'kukwera nayo kuphiri kukatenga mbatata. Potsika, pa kona ina yokhota kwambiri, galimoto inapendekeka, matayala awiri ali m'mwamba. Amayi ogulitsa sitiroberi anamwazika, madengu kwina iwo kwina. Mwamwayi inabwerera yokha, phi! Titawafunsa, Che Saiti anati inkangosuzumira tauni.

Koma zimene lamulo linalephera, mawondo anazitha. Ukalamba utafika, makwerero aja anayamba kuoneka ataliatali. Tsiku lina phazi linaterereka, anagwa ndithu, anthu n'kuchita kuwanyamula. Galimoto inaima pakhomo nthawi yaitali, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake. Kenaka mwakachetechete anaitana makaniko, masipuling'i a lole anachoka, matayala wamba n'kulowa. Woyeza uja anaivomera tsiku lomwelo.

Ndiye Che Saiti anavala jekete, mayi Aggie ali pambali, n'kulowa pa tala masanasana mwalamulo. Palibe anacheuka. A kabaza ankangopalasa zawo, ogulitsa tomato ankangoitanira malonda. Pa lodibuloko a Douglas, nawonso imvi zili mbuu, anangokupiza dzanja kuti dutsani, osayang'ana n'komwe. Che Saiti anaima okha.

"Bwana, simundiimitsa?"

A Douglas anawerama kusuzumira pawindo. "Che Saiti! Ndinu kodi? Zonse zili m'malo mwake. Pitani."

"Tafufuzani bwino, bwana. Mwina chilipo."

A Douglas anaizungulira, akumenya matayala ndi nsapato, akuyesa magetsi, akugwedeza bampala. Ankafunafuna ndi mtima wonse, ndipo amene tinali pomwepo tinkawafunira mwayi. Sanapeze kanthu.

"Pepani, achimwene," anatero motsitsa mawu. "Ilibe mlandu."

Mayi Aggie amati bamboyo anangotembenuza galimoto n'kubwerera kunyumba. Anaimika galimoto pansi pa mtengo wa mango, n'kupachika makiyi pa msomali, osawagwiranso. Anamwalira mvula ya chaka chomwecho isanagwe, ndipo a Douglas anali m'gulu la onyamula maliro.

Ndinene zoona, a Douglas sankalakwa. Galimoto ija ikanatha kupha munthu, ndipo ine ndinali mmodzi mwa oinena kwambiri. Koma ndimawasowa Che Saiti, ndimawasowa kwabasi. Masiku ano ndikakhala pakhonde, magalimoto amadutsa pa Chinamwali tsiku lonse, onse aulemu, onse ofanana msinkhu, mawindo otseka. Sindidziwa woyendetsa ngakhale mmodzi, ndipo palibe amene amandiitana kuti ndikakankhe.