A Kalilu Osamaliza Ntchito

A Kalilu a ku Kanyenda anali kalipentala zaka makumi anayi, koma palibe angakulozereni mpando umodzi umene anaumaliza okha. Ntchito ankaiyamba ndi moto: kuyeza, kucheka, kukhoma misomali iwiri. Kenako maso ayamba kuyendayenda, aona denga la wina lapendekeka, basi hamala akupatsira iwe amene waima pafupi.

"Malizani, ndikubwera."

Sankabwera. Mayi Rahila anawaitana kuti akonze chitseko cha khitchini, n'kutsala atachigwirizira kuyambira m'mawa mpaka adhana, kuitana kwa mapemphero a masana kumzikiti. Atatopa anakhoma okha mahinjesi, ndipo lero ndi amene amapanga mabenchi a kumadrasa. Ine ndinaphunzira kukhoma boti chifukwa langa anandisiyira atalitembenuza, thabwa limodzi atazula.

Kupulaimale yathu ana a Sitandade 7 ankakhala pansi, pomwe madesiki othyoka anali atadzaza chipinda chokiya. A Kalilu titawasankha m'komiti ya sukulu, misonkhano inasiya kukoma. Sankakhala pampando, ankangozungulira tebulo.

"Aphunzitsi aakulu, mwana akalephera mayeso a Sitandade 8 amapita kuti?"

"Amabwereza," anatero a Steward.

"Akalepheranso?"

"Bambo Kalilu, takhalani pansi."

"Amakakoka khoka la eni ake. Wamkazi, kubanja. Mwamusunga zaka zisanu ndi zitatu, akutuluka osadziwa kugwira ngakhale sowo. Tipatseni Lachitatu masana."

"Zamanja sizibwera pamayeso."

Lachitatu lotsatira anabwera ndi thumba la zida. Loko ya chipinda chija sanaikhudze, anangozula chitseko chonse. Anatulutsa madesiki, n'kuyamba kukonza asanu ndi atatu nthawi imodzi, n'kugawira ana zida zija, n'kuthamangira kumjigo poti anaumva ukulira.

Mwatsoka ndi tsiku lomwelo limene mlangizi wa maphunziro anafika pa njinga yamoto. Anapeza ana makumi anayi akukhoma panja, mphunzitsi palibe. A Steward thukuta linali kamukamu, akuona kale kalata yowasamutsa. Mlangizi anaima pa Shamsa, mtsikana amene ankatsekera kalasi pa masamu, n'kumufunsa chimene ankachita.

"Mwendo uwu ndi masentimita 62, uwu 58. Ndikudula anayi, apo ayi desiki izigwedera."

"Wakuphunzitsa ndani?"

Nthawi yomweyo a Kalilu anatulukira, buluku litanyowa mpaka m'mawondo. Mlendoyo sanamupatse moni. Anangomugwiritsa nsonga ya tepi.

"Gwirani apa, ndikubwera."

Bwana uja anagwira tepi mphindi makumi awiri, ana akuluma milomo. M'lipoti lake anadzudzula kwambiri za chitseko, koma Lachitatu analilola.

Sindikunamizani kuti zonse zinayenda. Madesiki ena anatuluka opendekera kunyanja, ndipo zala zotupa zinali zosawerengeka. Koma Lachitatu palibe mwana ankajomba, ngakhale usipa utagwa. Shamsa mayeso analepherabe. Bambo ake atayamba kulandira alendo a ukwati, a Kalilu anapita kukazula malata atatu padenga pawo, akuti akudontha, n'kuchoka mitambo itada. Shamsa anakwera n'kukhoma yekha, bambo ake akumupatsira misomali. Za ukwati zinathera pomwepo. Pano amakhoma madenga ku Dwangwa, ali ndi anyamata awiri owalamula.

A Kalilu anadwala dzinja lathali. Kuchipatala anamasula gudumu la bedi lawo, akuti likulira, ndipo anamwino ndi amene anamaliza. Patapita masiku atatu anatisiya.

Matabwa otchingira mtembo m'manda anadula ana awo a Lachitatu aja. Analowa onse bwinobwino, osasiya mpata ngakhale wa chala. A Steward, amene tsopano anapuma ntchito, anapukuta m'maso n'kunong'ona kuti, "Akanadula eni akewa, tikanaika mkuja." Tinaseka, kenako aliyense anayang'ana kumbali.

Masiku ano misonkhano ya komiti imatha msanga. Mwezi watha zenera la Sitandade 4 linagwa. Tinaima anthu asanu kuliyang'ana, tonse odziwa hamala. Tinakambirana mwaulemu, popanda wodula mnzake mawu, n'kugwirizana zolemba kalata kuboma. Kalatayo ndinalemba ine. Zenera likadali chotsamira khoma, mwera ukulowa m'kalasi, ndipo ana a mbali imeneyo amalemba atapsinja makope ndi miyala.