Kamnyamata ka pa Nyimba Kapita ku Petauke

Lolemba

Uthenga wafika pafoni ndili kuthilila nthochi. Tonse olemba pa intaneti a kuno kum'mawa tikumane Loweluka ku Petauke, tionane nkhope, tidye nkhuku. A Mwanza, aphunzitsi otsogolela gulu lathu, awonjezela: "Makamaka Kamnyamata ka pa Nyimba kasalephele."

Kamnyamatako ndine. Zaka makumi asanu ndi awili ndi zinayi. Mano asanu ndi anayi, limodzi likugwedela.

Chaka chino nchachiwili ndikulemba patsamba langa za mbuzi, za makondakitala, za anthu ogona m'tchalitchi. Nkhope sindinaikepo, chithunzi changa ndi tambala. Amandinyoza, ndimawanyoza, tsiku latha bwino. Woposa onse ndi Bana Chanda, mai wa Chibemba wogwila ntchito ku Petauke, mbuya wanga wa chinyozo, paja ife a kum'mawa ndi Abemba kunyozana ndi mwambo. Iye amati ndine wodya mbewa, ine ndimati kakazingeni nyani.

Kuno kwathu wondinyoza kulibenso. Anzanga a msinkhu wanga ali kumanda. Otsalawa amangondigwadila. Ndikanena nthabwala amati "zoona atate," ngati ndawelenga kalata ya Paulo. A pafoniwa akadziwa kuti ndine nkhalamba, nawonso ayamba kugwada. Ndiye ndizisekanso ndi ndani?

Ndipita ngati mnyamata. Masiku alipo asanu, zaka zochotsa makumi anayi. Zitheka!

Lachiwili

Zofunika:
- tsitsi lakuda
- buluku lothina, long'ambika m'mabondo
- magalasi a dzuwa
- kusiya ndodo
- kusiya kunena kuti "kale ife"

Ndayamba ndi tsitsi. Polishi wa nsapato, ndi mswachi wakale. Pagalasi ndikuona mwamuna uja anavutitsa atsikana a ku Minga. Eee!

Kenaka dzuwa. Pofika masana unyamata wanga ukutsetseleka m'makutu, m'khosi, mpaka m'malaya. Mkazi wanga, amake Tisa, aima pakhomo, tsache m'manja: "Mwagwela mudilamu ya phula?"

Ndikununkha ngati nsapato ya wapolisi. Tsitsi lakuda, fufutani.

Lachitatu

Ku salaula, kogula zovala zovalidwapo kale, pamsika wa Nyimba. Buluku ndalipeza, zibowo ziwili m'mabondo, zenizeni za achinyamata. Mai wogulitsa: "Nla mdzukulu?" Ndati eya.

Kulivala ndi nkhondo. Ndagona chagada kuseli kwa nkhokwe, miyendo m'mwamba, nkhuku zikuonelela. Lalowa! Koma kukhala pansi sikutheka. Kupuma ndi mwa apo ndi apo.

Ndalivula, ndapita kukasamba. Pobwela ndapeza amake Tisa alisoka kale. Zigamba ziwili za chitenge chamaluwa, bondo lililonse lake. "Mwamuna wanga sangayende ndi zibowo ine ndili moyo."

Ndathokoza. Nditaninso?

Lachinayi

Lelo nkuphunzila kuyenda. Ndodo ndaisiya pakhonde, magalasi a dzuwa kumaso, phewa limodzi pansi ngati anyamata a pa sitesheni.

Zotsatila:
- ndapeleka moni kwa chitsa, ndimayesa ndi akatekisiti
- ndaponda mchila wa galu wa a Tembo
- pamjigo bondo lakana, lati ine ndatsikila pano

Kunyumba ndabwelela pangolo ya a Tembo, pamwamba pa mapesi. Amai a pamjigo akuombela m'manja mwaulemu: "Pepani atate." Ngakhale mmodzi woseka! Munthu wagwa ndi magalasi akuda, inu nkupepesa?

Pafoni Bana Chanda: "Loweluka ukasambe, iwe wodya mbewa. Sopo ndikubweletsela." Mtima wakhala pansi. Ndamuyankha kuti sopoyo ayambe wamuona yekha.

Lachisanu

Unyamata walepheleka. Nzelu ina!

Ndipita ngati malume ake a Kamnyamata. Ndikanena kuti mphwanga wadwala m'mimba, wandituma ndimupepesele. Ndikawaona onse, ndikadya nkhuku, ndikabwelako. Lolemba tambala apitiliza kulila pafoni ngati kale, palibe wodziwa kanthu.

Lamulo ndi limodzi lokha: kutseka pakamwa.

Amake Tisa aseka mpaka kukhala pansi. "Inu? Tsiku la ukwati wathu munaseketsa wansembe mpaka anaiwala dzina langa."

Jekete lasitidwa. Ndodo yabwelela pantchito.

Loweluka

Minibasi, nkhuku ya eni pamiyendo panga, Petauke. Malo ake ndi kaloji kena, mipando pansi pa mtengo wa mango. Anthu ngati makumi awili, aliyense akuloza mnzake ndi kukuwa.

Zodabwitsa:
- Mfumu ya Magalimoto yabwela panjinga
- Mai Keke, wolemba za kuphika, ndi bambo wandevu
- uja amalemba zaukali za feteleza ndi kamtsikana kamanyazi, mawu ngati udzudzu

Ndanena bodza langa bwinobwino. Andibweletsela mpando wa khushoni. Madzi osamba m'manja ayambila ine. Nthutumba ya nkhuku, ine. Uko akuseka mpaka kugwilana mapewa, akafika pafupi ndi ine mawu atsika ngati pamalilo. Ndendende zimene ndimaopa.

Wafika Bana Chanda. Wamfupi, wonenepa, mawu ngati hutala ya lole. Wandigwadila! Mbuya wanga, bondo pansi: "Muli bwanji atate?" Nkhuku yandiwawa m'kamwa.

Wadzuka, wamva za m'mimba mwa Kamnyamata, wayang'ana gulu. "Ndinadziwa kuti sabwela. Ali kumunda, akukumba ndiwo za ukwati wake."

Ndaluma lilime.

"M'mimbamo ndi mbewa, yadzuka ikufuna potulukila."

Ndagwila ndodo ndi manja awili.

"Ndipo tambala uja anamuika chifukwa ndiye wokongola pabanja pawo."

Basi. Pakamwa patseguka pokha: "Mai, ife ndiwo zathu timakumba pansi ngati anthu. Inu zanu mumazithamangitsa mumtengo, ndipo mukazigwila zimakuyang'anani ngati abale!"

Bana Chanda wandiyang'anitsitsa.

Kenaka mfuu: "Ndiwe! Ndiwe, mfiti iwe!" Wathamangila kukhichini, wabwela ndi mbale ya ufa, waikhuthula pamutu panga monga achitila mbuya akagwila mbuya wake. Nthungululu! Mai Keke agwa pampando, ndevu zili m'mwamba.

A Mwanza akupukuta misozi: "Ena tinkakayika kale, atate. Ndi mnyamata uti amalemba kuti basi inkachokela ku Fort Jameson, dzina la nthawi ya atsamunda?"

Tavina. Bondo lomwe lija lavina, lopanda manyazi. Zithunzi ajambula zosawelengeka, ine woyela ngati mzukwa, mano onse asanu ndi anayi panja.

Sondo

Ufa ukadali m'makutu. Ulaliki ndaumva theka.

Ndatsegula foni titabwelako ku tchalitchi. Tsoka lija lafika:
- "Mwauka bwanji agogo?" kasanu ndi kawili
- Mfumu ya Magalimoto ikupempha malangizo a banja
- kamtsikana ka feteleza kakupepesa chifukwa chaka chatha kananditcha mbuzi
- a Mwanza andisankha kukhala mlangizi wa gulu

Mlangizi! Ndapita Kamnyamata, ndabwelako nkhalamba ya komiti. Chabwino. Ukalamba ndaulandila, ndiwalangiza, adzanong'oneza bondo okha.

Pansi penipeni pali chithunzi changa cha mailo ku Petauke, chotumiza Bana Chanda. Walemba: "Taonani mbewa yokalamba yagwela m'thumba la ufa. Mwini wake abwele aitenge tisanaiwotche."

Ndawelenga katatu. Amake Tisa akufunsa chimene ndikusekela ndekha ngati wamisala.

Ndamuyankha kale kawili. Foni ikuonetsa kuti akulemba. Mpando ndakokela pamthunzi.