Nkhondo ya Alamu Awiri pa Jagi ya Mowa

M'masiku amene anthu anasiya kumwa mowa n'kuyamba kuulawa, masiku amene amuna a ndevu zopesa ankazunguza tambula m'mwamba, n'kulowetsamo mphuno, n'kutsinzina ngati akumbukira maliro a munthu wofunika, m'masiku amenewo, ndikutero, munabuka nkhondo imene abale anga safuna kuti itchulidwe, ndipo n'chifukwa chake ndikuilemba.

Bwalo la nkhondoyo linali galaja yakale ya mabasi, imene mlongo wanga womaliza kubadwa, yemwe tonse timangomuti Mzime, anaikolopa n'kuikamo mathanki ofululira mowa. Zaka zitatu anakhala akuwiritsa, kutaya, n'kuwiritsanso, manja atachita matuza, mpaka Loweruka lina masana anaitana anthu kudzalawa mitundu inayi ya mowa wake watsopano. Pakati pa alendo panali mayi wina wosalankhulalankhula, manijala wa hotela, amene akanati angogwedeza mutu, mowa wa Mzime ukanayamba kugulitsidwa kumalo a anthu ovala mataye. Mzime, mwana wa amayi anga, sanadye tsiku limenelo chifukwa cha mantha.

Phwando lisanayambe, Mzime analengeza lamulo limodzi lokha: aliyense amene walawa, n'kulephera kumaliza, akhuthulire zotsalazo mu jagi yagalasi imene inali patebulo la pakona. Onse anamva, kupatula akuluakulu awiri amene anali asanalowe.

Woyamba anali mwamuna wa mlongo wanga wamkulu: a Dokotala wa Mano, Mzulamano Wosabwerera, Mwini Mpando Wogonetsa Mabwana Chagada, Iye Amene Akamalankhula Anthu Amangoyasamula. Zaka makumi awiri akulankhula ndi anthu odzaza thonje mkamwa zinawaphunzitsa kuti palibe wowatsutsa padziko. Wachiwiri anali mwamuna wa mlongo wanga wapakati: a Makaniko, Mmasulamabawuti, Wogona Pansi pa Malole, Iye Amene Amamva Nthenda ya Injini ndi Khutu Limodzi n'Kuchiritsa Ina. Ngwazi ziwirizi zinafika nthawi yabwino, koma iliyonse inakhala m'galimoto yake kudikira kuti inzake iyambe kulowa, poti wolowa pomaliza ndiye wamkulu. Zinadikirana ola lathunthu, mpaka kutentha kunazitulutsa pamodzi.

Zitalowa, zinapeza mzere wautali pamipope ya mowa. Kuima pamzere ndi anthu wamba kukanakhala imfa kwa onse awiri. Maso awo anagwera pa jagi ya pakona, itaima yokha, yodzaza pafupifupi kukamwa, yofiirira, thovu likuyandama pamwamba.

"Uwu ndiye atisungira ife, alamu," anatero a Dokotala.

"N'zoonekeratu," anayankha a Makaniko, ndipo aka kanali komaliza kugwirizana.

Ine ndinaona akutsanulira. Ndikanatha kuwaletsa. Koma ndinakumbukira maukwati ndi maliro onse amene alamu angawa anandiphunzitsa kukhala pampando, ndipo ndinakoka mpando n'kukhala bwino.

A Dokotala anazunguza tambula, ananunkhiza, anachukucha mkamwa monga amalamulira odwala awo, kenako anatembenukira khamu. "Anthu inu, mverani lilime lophunzira. Muno muli khofi. Khofi wokazinga bwino, wodekha, wobwera pambuyo ngati mlendo waulemu. Wosamva khofi muno apite akapimitse mkamwa, ndipo ndikudziwa kumene angapite."

A Makaniko anagugudiza tambula yonse kamodzi, napukuta milomo ndi kuseri kwa dzanja. "Pepani alamu, sukulu munapita, koma lilime munalisiya pakhomo. Ine ndimasiyanitsa petulo ndi dizilo nditatseka mphuno. Muno muli makoko a lalanje. Khofi wanuyo munamwa m'mawa, wangokakamira m'mano."

"Mano anga musawatchule, bambo. Munthu amene amalawa madzi a batire sangandiuze za kakomedwe."

"Nanga inu, amene tsiku lonse mumanunkhiza mkamwa mwa anthu?"

Pamenepo khamu linagawikana. Dziwani kuti aliyense m'galajamo ankadziwa chimene chinali mu jagi, poti aliyense anali atakhuthuliramo. Koma mtundu wa anthu ndi woipa mtima. Akalaliki a m'maofesi anaima kumbuyo kwa a Dokotala akuti khofi akumvekadi ngakhale patali. Oyendetsa matakisi anaima kwa a Makaniko akuti alawenso kuti atsimikize. Ndipo ngwazizo zinalawanso, kachiwiri, kachitatu, uku zikunyozana mibadwo, magalimoto ndi maphunziro a ana. Ngakhale pamene nkhondo inali mkati, bambo wina wokalamba anadutsa mwakachetechete, nakhuthuliramo zake, koma ankhondowo anali otanganidwa kulozana zala.

Kenako a Dokotala anagwira chogwirira cha jagi, akuti mowa wotere suyenera munthu wosaumvetsa. A Makaniko anaigwira kunsi ndi manja onse awiri, manja amene anagonjetsapo mabawuti adzimbiri. Anakokana kupita kumathanki, anakokana kubwerera kukhomo, mataye ali pamapewa, nsapato zikuterera pasimenti, mpaka funde la mowa linadumpha n'kukatera pamapazi pa manijala wa hotela. Mayiwo anayang'ana nsapato zawo, natola chikwama.

Mzime anasiya mpope ukutuluka. Anayenda pakati pa magulu awiriwo, nkhope itauma, naima pamaso pa amuna a akulu ake.

"Alamu, ikani pansi jagiyo."

"Mlamu, tangoweruza," anatero a Dokotala akupuma mwabefu. "Muno muli khofi kapena lalanje?"

"Zonse zilimo. Muli wa khofi, wa lalanje, wa uchi ndi wowawa uja. Mulinso malovu a anthu makumi asanu. Imeneyo ndi jagi yotayiramo zotsala."

 Manijala wa hotela uja anaseka mpaka kukhala pansi, chikwama chili pamiyendo. Atapukuta misozi anati, "Mayi, ngati zotaya zanu anthu akumenyerana chonchi, tandipatsani weniweniwo." Analawa mitundu inayi yonse, osazunguza, osatsinzina, ndipo anauza Mzime kuti Lolemba abwere ku hotela ndi wa uchi ndi wowawa uja.

Koma ngwazi sizigonja pamaso pa akazi awo, ndipo alongo anga awiri anali ataima pakhomo, manja m'chiuno.

"Mwamva nonse," anatero a Dokotala akukonza taye. "Khofi analimo."

"Lalanjenso linalimo," anatero a Makaniko.

"Ndiye kuti malilime athu ndi akuthwa kuposa a onse muno, alamu. Enawa amalawa umodziumodzi. Ife talawa inayi nthawi imodzi."

"Ndipo tinadziwa kuyambira pachiyambi."

Pofuna kutsimikiza bodza limeneli, analamula kuti mtendere usindikizidwe ndi mowa womwewo. Anakolana mikono ngati akwati, khamu likuwomba m'manja mwaulesi, nagawana zotsala mu jagi mpaka dontho lomaliza, nkhope zili gwa. Pamene a Makaniko ankapendeketsa jagi komaliza, kanthu kena kanagubuduka pansi pake n'kugwera mu tambula, kuti ngwee.

Linali dzino loikirira.

A Dokotala analitola, naliyang'anitsitsa pa kuwala kwa zenera, ndipo maso awo anafewa. "Ntchito yanga iyi. Ndinaliika chaka chatha."

A Makaniko analilandira, naligogoda patebulo monga amayesera chitsulo, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirireni m'banja mwathu anayamikira mlamu wawo. "Lalimba, alamu. Mowa mitundu inayi, koma osachita dzimbiri."

Kumbuyo kwa khamu, bambo wokalamba uja anakweza dzanja limodzi, linalo litaphimba pakamwa.