Chotupa Changa ndi Ntchito ya ku Makokola

Lolemba
Mwayi wagwa! Ku hotela ina ku Makokola akufuna woperekera zakudya, ofuna ntchito akaonekere Loweruka. Vuto ndi chotupa changa chapamphumichi, chonga dzira la nkhanga. Mlendo angadye chambo akuyang'ana chimenechi? Koma dokotala wodzathandiza othawa nkhondo akuchotsanso zotupa Lachinayi. Ndalembetsa!

Lachiwiri
Che Amadu, mnansi wanga wothawa nkhondo ku Mozambiki, amamwa mapiritsi a mtima. Akuti, "Amasungunula magazi, achimwene, amayenda ngati madzi." Magazi oyenda bwino, bala kupola msanga, si choncho nanga? Kuno timasinthana nawo zonse: ufa, mafuta, bulangete. Ndawapatsa usipa, andigawira mapiritsi. Ndayamba lero lomwe!

Lachitatu
Ndikumwa awiriawiri kuti zifulumire. Ndikuyeserera kunyamula thireyi ndi chivundikiro cha poto. Potsuka mano mkamwa mukutuluka timagazi. Mapiritsi akugwira ntchito!

Lachinayi
Namwino akufunsa ngati ndili pa mankhwala. Ndikuti ayi, pajatu si anga. Dokotala kungocheka pang'ono, magazi chuu! Namwino akupsinja ndi thonje, dokotala akumanga timitsempha ndi ulusi, akusoka, akupsinjanso. Osaleka. Mantha andigwira, ndaulula zonse. "Mukanatiuza tikanadikira!" akutero dokotala. Namwino wandikalipira kawiri: za magazi anga, ndi za mtima wa Che Amadu womwe ndaulanda mankhwala. Manyazi!

Lachisanu
Magazi aleka, koma mutu wonse aukulunga ndi bandeji yothina. Diso latupa, lada bii. Akuti ndisawerame, ndisanyamule kanthu. Ndabweza mapiritsi otsala. Usipa anadya kale.

Loweruka
Ndapitabe! M'basi anthu akundipatsa malo. Mkulu wina, poyesa bandeji ndi nduwira, wandigwira dzanja ndi manja awiri: "Salaamu aleikumu, Shehe." Ku hotela bwana wandiyang'ana kamodzi: "Kuchipatala ndi uko, bambo." Thireyi sindinaigwire n'komwe.

Lamulungu
Ntchito waipeza mnyamata wina wa ku Nkhudzi. Wadutsa pano atavala yunifolomu, akunyada. Malaya oyera, buluku lakuda, ndi chipewa chofika m'nsidze. Chipewa! Chotupa changa chikanakhala m'menemo mwamtendere, osaonedwa ndi munthu. Basi, chinapita, ntchito nayo yapita. Che Amadu akufunsa ngati bandejiyo, ndikathana nayo, tingasinthane ndi sopo.